Kambalame ka M'mwala wa Amayi

1

Ine ndine telala, ndipo ntchito yanga inandiphunzitsa kuti chovala chakale ukachidula bwino, mwini wake amadutsana nacho pamsewu osachizindikira. Ndinkaganiza kuti mwala n'chimodzimodzi. Pamenepo ndi pamene ndinadzinamiza.

Mwala ndikunenawu unali wobiriwira, wa makona anayi, waukulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, wobenthuka pakona imodzi. Unali wa malemu amayi anga. Ankauvala pakhosi pa tcheni cha siliva tsiku lililonse. Kwathu aliyense ankadziwa kuti unabedwa sabata imene amayi anamwalira. Chimene sankadziwa n'chakuti kwa zaka khumi ndi ziwiri unali m'chitini changa cha mabatani, pansi penipeni, wokulungidwa m'kansanza.

Mmene unalowera m'chitinimo ndikuuzani, musandithamangitse. Panopa dziwani chimodzi chokha: wachibale aliyense akanauona n'kuuzindikira, ine ndikanataya mwana.

Mwanayo sindinabereke ndine, ine Mulungu sanandipatse. Ndi wa achimwene anga, koma ndinamulera ndine kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi ake atathamangitsidwa pakhomo. Timamutcha Tsabola chifukwa cha pakamwa pake. Sankanditcha azakhali ayi, ankanditcha amayi, ndipo ndikamva mawu amenewo ndinkaiwala kuti ndilibe wanga.

Tsiku limene zonse zinayamba ndinali kumuyesa diresi la ukwati m'shopu mwanga.

"Amayi, mwandibaya!"

"Ima bwino nawenso, ukungotakataka ngati walumidwa ndi linthumbu."

Anaseka, kenako nkhope inasintha. "Mwamuna wangayu wandiyamba. Akuti ndiitane mayi aja ku ukwati. Ndamuuza kuti wakuba sadzapondako. Munthu woba pakhosi pa agogo akudwala! Mayi anga ndinu, basi."

Mwayi wanga ndinali nditaluma mapini. Koma mpendero ndinaupinda mokhota. Iye atapita ndinakhuthula chitini cha mabatani patebulo. Ndinati mwala uwu ndiupereke kwa mwanayu, kapena mtima wanga ungapepukeko. Koma ndiyambe ndausintha nkhope, ukhale pamphete, aliyense aziti ndagula.

2

Mmisiri wa miyala amagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo yokonza mawotchi. Masitepe ake ndi opanikiza, awiri simungadutsane. M'katimo munali nyale yowala kwambiri, sikelo yaing'ono ngati ya mankhwala, ndi chimbale chachitsulo chozungulira chimene madzi ankadonthera pang'onopang'ono kuchokera m'kabotolo. Mwini wake anali bambo wa imvi, wolankhula mosathamanga, kagalasi kokuzira zinthu kali lende pakhosi.

Ndinamasula kansanza. Anautenga mwalawo ndi kopanira, naupukuta, nauika pasikelo. Kenako anatenga khadi n'kuyamba kuujambula ndi pensulo, mbali zonse, mpaka pobenthuka paja.

"Zojambulazo n'zachiyani, bambo? Ine ndabwera kudzadulitsa, osati kudzajambulitsa."

"Mwala uliwonse wolowa muno ndimayamba ndaujambula, mayi. Mawa munthu asadzati ndinabweretsa ng'ombe mwandibwezera mbuzi." Anaika kagalasi padiso. "Mwautenga kuti?"

"Ndinagula kalekale kwa munthu wongodutsa."

"Wongodutsayo anagulitsa chinthu chokondedwa. Nsonga zake zatha ndi kukhudzana ndi khungu, uwu wavalidwa zaka zambiri." Anauzunguza pansi pa nyale, n'kuima. "Aa! Taonani zokongola. Muli kambalame umu, kotambasula mapiko."

Kambalame! Amayi ankamukhazika Tsabola pamiyendo ali wamng'ono, n'kuloza mwalawo kuwindo. "Wakaona kambalame ka agogo?" Mwana n'kumakuwa kuti ndakaona, ndakaona. Ine ndinkayesa ndi kokalika ka pamwamba, koti kachoka ndi kupukuta.

"Kachotseni," ndinatero.

"Kali pakati penipeni. Kanabadwa ndi mwalawu. Kuti ndikachotse ndiye kuti ndipere mpaka mutsale ndi kanjere ka mpunga. Ndipo mumve bwino, mayi, chifukwa ndimauza aliyense ndisanayatse makinawa: chimene ndapera sichibwerera. Chimasanduka fumbi n'kupita ndi madzi awa."

"Nanga kukabisa?"

Anandiyang'ana pamwamba pa kagalasi kaja. "Anthu amalipira kuti chotere chioneke, inu mukuti chibisike. Chabwino. Ndiutembenuza, ndiupange wozungulira, pansi pake ndidule timbali tambirimbiri. Kuwala kukamathwanima, diso lamba silingakaone. Nanga chala cha mwini mphete?"

Ndinatulutsa kaulusi kamene ndinayezera chala cha Tsabola mwanthabwala pomuyesa diresi.

"Ulusi ndi wa nsalu, mayi," anaseka. "Tsiku lodzatenga mudzabwere naye, ikathina tikonzere pomwepo."

Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtima ndinali nditatsimikiza kale kuti ndidzabwera ndekha.

3

Anati masabata atatu. Ndinawawerenga ngati mkaidi.

Sabata yachiwiri achimwene anabwera kushopu kudzayesa suti. Akalamba achimwene anga, ndipo chichokereni alamu sanakwatirenso. Ndikuwayeza mapewa anati, "Ndakumana nawo mayi a Tsabola pokwerera basi."

Tepi inandipulumuka.

"Akugwira ntchito pamalo ochapira zovala kuseri kwa msika. Manja atha ndi sopo. Akuti amva za ukwati. Sakupempha mpando, akungopempha kuti adzaime panja pa geti, amuone mwana atavala zoyera."

"Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Ndati mwini ukwati wakana." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Mlongo wanga, ndikufunse. Zaka zonsezi sindinakufunsepo kawiri. Unawaonadi ndi maso ako akutenga tcheni chija?"

"Achimwene, lero mukundiyesa wabodza? Ine amene ndakulererani mwana, kumuphunzitsa, kumugoneka pabedi langa akudwala? Ngati mwawasowa akazi anu kawatengeni, koma musandipake ine matope!"

Ndinakalipa mpaka wosoka nsapato wa khomo loyandikana anasuzumira. Achimwene anapepesa, natenga chipewa chawo, napita ali wera. Ine ndinakhala pamakina osasoka kanthu mpaka dzuwa linapendeka. Ndinadzida tsiku limenelo, koma mantha anali aakulu kuposa kudzida.

4

Mmisiri anandiimbira foni Lachisanu m'mawa, ine ndili ndi simbi m'manja, Tsabola atakhala patebulo lodulira nsalu akudya nthochi. Ndisanaike simbi pansi, iye anali atayankha kale. Ndi khalidwe lake kuyambira kale, foni yanga amaiyesa yake.

"Mphete? Mphete yanji?" Maso anatuzuka. "Amayi! Mwandipangitsira mphete osandiuza? Akuti ndibwere ndikayese. Tiyeni pompano!"

"Ndikatenga ndekha mawa. Ukufuna kuononga zonse? Mphatso saiona tsiku lisanafike."

"Nanga ikakandithina pamaso pa anthu? Tsekani shopu, amayi, ine sindikhala pansi."

Tsabola akafuna chinthu, kumukaniza n'kutaya malovu. Tinapita. Pamasitepe paja iye ankadumpha awiriawiri, ine ndikukoka miyendo pambuyo.

Mmisiri anatsegula kabokosi. Ndinene zoona, ndinaiwala kupuma. Mwala uja unali utasanduka wina, wozungulira, wocheperapo, wothwanima ngati tsamba lonyowa ndi mvula, utagwidwa ndi timano tinayi ta golide. Pobenthuka paja panalibe. Ndinautengera kuwindo, ndinauzunguza uku ndi uku. Kambalame osaoneka. Ndinati Ambuye zikomo, ndapulumuka. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsabola anaivala. Inalowa bwinobwino ngati anabadwa nayo.

"Ulusi wanu uja sunaname," anatero mmisiri.

Mwana anandikumbatira, misozi ili mbwembwembwe. "Amayi, ndikuthokozeni bwanji ine?"

"Tiye tizipita, nsalu za anthu zikundidikira."

"Dikirani pang'ono, chatsala chimodzi." Mmisiri anavula kagalasi kaja pakhosi napatsa Tsabola. "Aliyense amene ndamupangira mphete sachoka muno asanaone m'kati mwa mwala wake. Tsiku lina mudzapita nayo kokonzetsa kwina, akakuchotserani mwala n'kukuikirani galasi la botolo. Koma mukaudziwa m'kati, palibe angakupusitseni."

"Tachedwa, bambo, adzaona tsiku lina," ndinatero, ndikumukoka mwana dzanja.

"Amayi, n'chiyani kodi? Mphindi imodzi yokha."

"Gunditsani kagalasiko kudiso," anapitiriza mmisiri. "Mphete muibweretse pafupi pang'onopang'ono. Musayang'ane kuthwanimako, yang'anani kupyola, pansi. Mwaona?"

M'chipindamo munangomveka madzi aja akudontha pachimbale. Ndinaona kumwetulira kukuchoka pankhope ya mwana wanga pang'onopang'ono.

"Muli kambalame," anatero motsitsa mawu.

5

"Miyala yambiri imakhala ndi zoterezo," ndinafulumira. "Si choncho, bambo?"

Bambo uja sankadziwa kanthu, anangoyankha zoona za ntchito yake. "Ayi, mayi. Zaka makumi atatu ndili pampando uwu, sindinaonepo miyala iwiri yofanana m'kati. N'chifukwa chake ndimaonetsa."

Tsabola sanandiyang'ane. "Bambo, mwalawu unabwera wooneka bwanji?"

Mmisiri anatsegula kabati n'kutulutsa khadi lija. Makona anayi, kona imodzi yobenthuka. Mwana analigwira ndi manja awiri.

"Apa ndinabenthula ndine," anatero. "Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinaugwetsa pasimenti agogo akusamba. Anati tisauze munthu." Tsopano anatembenuka. "Mwala wa agogo ukutani kwa inu?"

Ndinayesa kunena kuti ndinaupeza pambuyo pake m'katundu wa amayi. Bodzalo linafera pakhosi. Mwana amene unamulera umamudziwa, nayenso amakudziwa.

"Ndinatenga ndine," ndinatero.

"Liti?"

"Agogo ako asanamwalire. Mayi ako ankawasambitsa, anawavula tcheni n'kuika pawindo. Atatuluka kukataya madzi, ndinalowa."

"Ndiye munaimirira pamaso pa abale onse, maliro atangotha, n'kunena kuti munaona mayi anga akuika m'thumba." Mawu ake sanakwere, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa. "Bambo anawakhuthulira chikwama pabwalo, zovala zam'kati zili mbwee, anthu akuonerera. Atapanda kupeza munati agulitsa kale. Ine ndinali pomwepo. Ndinawalavulira mayi anga, inu mukuona!"

Mmisiri anali atazimitsa nyale yake, maso ali pansi. "Pepani," anatero, "ine sindinadziwe."

"Mwagwira ntchito yanu, bambo," anayankha Tsabola. Anavula mphete n'kuifumbata. Anaimbira bambo ake foni, nawafunsa kumene kuli mayi ake, nawauza kuti atipeze komweko, kuseri kwa msika. Kenako anandilozera masitepe. "Tsogolani."

6

Malo ochapira zovala aja ndi chipinda chachitali chotentha, makina akulira, nthunzi ili tolo. Alamu tinawapeza kumapeto akusita nsalu zoyala pabedi. Anali ataonda, tsitsi layamba imvi. Atationa atatufe, ine, achimwene ndi mwana, anaimika simbi bwinobwino, napukuta manja pa epuloni.

Tsabola anagwada pasimenti ponyowa paja, diresi lake la kuntchito osalisamala. Anatambasula dzanja, mphete ili pachikhatho. Anangoti, "Amayi."

Mawu aja sanali anga tsopano. Ndinawamva akundidutsa.

Alamu sanayang'ane mphete. Anagwira nkhope ya mwana wawo ndi manja awiri aja osweka ndi sopo, namuyang'ana nthawi yaitali. "Wakula," anatero. "Dzuka, pansi ponyowa apa."

Achimwene ndiwo anafotokoza kuti mwala wapezeka, ndiponso kumene unali. Ndinkayembekeza kuti alamu andilumphira, ndipo ndikanakonda akanandimenya ndi simbi yomweyo. Iwo anangondiyang'ana.

"Alamu," anatero, "funso langa ndi lomwe lija ndinakufunsani tsiku lija pabwalo. Munamva?"

Owerenga, apa ndi pamene pali chimene ndakhala ndikukubisirani. Kuba kuja n'kochepa.

Amayi anadwala miyezi isanu ndi itatu. Amene ankawatembenuza, kuwachapira zoipa, kuwamwetsa ndi supuni, anali alamu. Ine mwana wawo wobereka ndinkabwera Lamlungu lokha ndi malalanje, n'kumati ntchito yachuluka. Tsiku lina masana ndinafika chitseko chili chotsekula pang'ono. Ndinamva amayi akuuza alamu ndi mawu ofooka kuti, "Ndikapita, mwala uwu udzavule pakhosi panga, ndi wako. Wandisamala kuposa amene ndinamubereka." Ndinaima pakhomo paja, malalanje m'manja, nsanje ikundiotcha ngati makala. M'mawa mwake ndinatenga tcheni. Amayi anasiya kulankhula tsiku lomwelo, ndipo patapita masiku atatu anatisiya.

Ndiye pabwalo paja, akukhuthulidwa chikwama, alamu analira nati, "Ndibe bwanji chinthu chimene anandipatsa? Alamu, munali pakhomo, ndinaona nsapato zanu pansi pa chitseko. Auzeni anthuwa. Munamva?" Ine ndinayang'ana abale onse n'kunena kuti, "Sindinamve kanthu."

Zaka khumi ndi ziwiri, funso lija linali likundidikirabe pakati pa makina ochapira.

"Ndinamva," ndinatero. "Amayi anakupatsani. Mwalawu ndi wanu."

Achimwene anakhala pansi pamulu wa zovala za eni ake, nagwira mutu. Alamu anatseka maso, napuma kwambiri ngati munthu amene watula mtolo. Kenako anatenga mphete ija n'kuiyang'ana.

"Unali waukulu kuposa apa."

"Anaupera," ndinayankha.

"Zoperazo zili kuti?"

"Zinapita ndi madzi."

"Eya," anatero alamu, akuyang'ana mwana wawo amene anamusiya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, lero ndi mayi wotsala pang'ono kukwatiwa. "Zinapitadi."

Anatenga dzanja la Tsabola namuveka mpheteyo okha. Potuluka mwana anaima pakhomo, osandiyang'ana kumaso.

"Azakhali," anatero, "diresi lija mumaliza, kapena ndipeze telala wina?"

7

Ndinalimaliza. Sindinasokepo diresi mosamala chotero, ndipo kangapo ndinachita kupukuta maso kuti misozi isadonthere pansalu yoyera. Anatuma mnzake kudzatenga.

Ku ukwati ndinapita chifukwa alamu anauza mwana wawo kuti andiitane. Anati munthu amene anamulera asamuone ali panja pa geti, iwo akudziwa mmene pamapwetekera. Ndinakhala mzere wakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mpando wakutsogolo umene ndinkaulota zaka zonsezi anakhalapo mwini wake. Achimwene mpaka lero sandilankhula, ndipo alamu sanabwerere kunyumba kwawo. Anawauza kuti akhululuka, koma mwamuna amene anakhuthula chikwama chawo pabwalo sangamuyalirenso bedi.

Inu amene mukuwerenga, mwina wina ali ndi chitini chake cha mabatani. Mwina mukuganiza ngati mmene ndinkaganizira ine, kuti choipa chija muchikonze mwakachetechete ndi mphatso, ndi fizi, ndi kulera mwana wa munthu amene munamulakwira, bola osatsegula pakamwa. Ine ndinayesa zonsezo. Ndinafuna kubweza mwala popanda kubweza dzina la munthu, ndipo ndinali wokonzeka kuti mayi aime panja pa geti pa ukwati wa mwana wake kuti ine ndizitchedwabe amayi. Musandimvere chisoni, sindikuyenera. Ngati pali amene akudikira yankho lanu, pitani lero mukamuyankhe ndi pakamwa panu, chifukwa tsiku lililonse limene mukuchedwa likuperedwa pa moyo wake, osati pa wanu.

Mwezi watha Tsabola anadutsa pashopu, mimba yayamba kuoneka, mphete ili pachala. Sanalowe. Anaima pakhomo nati, "Muli bwanji, azakhali?" Ndinati ndili bwino. Atapita ndinakhala ndikuyang'ana pakhomo paja, simbi ikupsereza malaya a kasitomala.